Mzinda wa Lusaka Monga Uonekera Kuchokera Kuthambo

 Lero tikamba za zithunzi za dziko zojambulidwa kuchokera kuthambo, ndiponso za mapulogalamu a pakompyuta amene amathandiza ophunzira ndi ofufuza kuziŵerenga. Inde, ndati kuziŵerenga, pakuti chithunzi chotere chimafanana ndi buku: munthu ayenera kuyamba waphunzira kaŵerengedwe kake kuti chimuuze kanthu.

Tiyambe ndi zimene mudziŵa kale. Mukaima pa Cairo Road pakati pa tauni, mumaona masitolo, magalimoto ndi anthu opita uku ndi uku, koma simungaone zimene zili kuseri kwa nyumba imene ili patsogolo panu. Mutakwera pamwamba pa Findeco House, nyumba yaitali ija ya kumapeto kwa mseu umenewu, mungaone njanji, msika wa Kamwala ndi madenga a ku Kabwata. Mphamba wouluka pamwamba pa Findeco amaona kutali kuposa pamenepo. Tsono ganizani za diso limene lili pamwamba kuposa mphamba, kuposa ndege, kuposa mitambo. Diso loona Chelstone, Woodlands, Kabulonga, Kanyama ndi Matero nthaŵi imodzi, ndiponso losaiŵala zimene linaona zaka 50 zapitazo. Diso limeneli lilipo ndithu, ndipo dzina lake ndi setilaiti.

Makina ozungulira dziko

Setilaiti ndi makina amene amaponyedwa kuthambo ndi roketi, ndipo akafika kumeneko amazungulira dziko lapansi monga uchitira mwezi. Yoyamba, yotchedwa Sputnik, inaponyedwa ndi dziko la Soviet Union m'chaka cha 1957. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, mphunzitsi wina wa sayansi, a Edward Mukuka Nkoloso, anali kukonzekeretsa achinyamata pafupi ndi Lusaka, nanena kuti adzawatumiza kumwezi. Manyuzipepala a kunja anawaseka, ndipo ulendowo sunachitike. Komabe a Nkoloso anali atazindikira chinthu choona, chakuti za kuthambo zimakhudza mwana wa m'Zambia monga zikhudzira mwana wa dziko lina lililonse.

Pa 23 Julayi 1972 dziko la America linaponya setilaiti yojambula nthaka, madzi ndi zomera, imene pambuyo pake inatchedwa Landsat 1. Chojambulira chimene chinagwira ntchito yaikulu m'menemo chinakonzedwa ndi mayi wina, katswiri wa masamu ndi sayansi, dzina lake Virginia Norwood. Atsikana, musaiŵale dzina limeneli. Kuchokera nthaŵi imeneyo masetilaiti a Landsat akhala akuloŵana m'malo. Landsat 8 inakwera mu 2013, ndipo Landsat 9 inatsatira mu 2021.

Ziŵirizi zimauluka pamtunda wa makilomita 705 kuchokera pansi, umene uli ngati ulendo wa pamseu wochokera ku Lusaka kudzera ku Chipata mpaka ku Lilongwe. Iliyonse imazungulira dziko lonse m'mphindi 99, ndipo mtunda wa kuchokera ku Kabwe kufika ku Lusaka imaudutsa m'masekondi 20 okha. Imabwerera pamalo amodzimodzi pakapita masiku 16, cha m'ma 10 koloko m'maŵa, pamene inu muli m'kalasi kapena mukuseŵera pabwalo. Maiko a ku Ulaya nawo ali ndi masetilaiti awo otchedwa Sentinel-2, ndipo yoyamba inakwera mu 2015.

Luso lodziŵa za chinthu uli patali, osachikhudza, pa Chingerezi amalitcha remote sensing. Musaope mau ameneŵa. Mlenje amene waona utsi patali nadziŵa kuti kumeneko kuli mudzi, ndi mayi amene wayang'ana mitambo nauza ana kuti aanule ufa, onse aŵiri agwiritsa ntchito luso lomweli.

Chithunzi chopangidwa ndi manambala

Kodi setilaiti imajambula bwanji? Ntchito yake ndi kuyeza kuŵala. Dzuŵa likaomba pa denga la malata, pa tsamba la mango kapena pa madzi, kuŵala kwina kumamwedwa ndipo kwina kumabwerera kumwamba. Chojambulira chimagaŵa nthaka m'timabokosi tofanana, monga ta m'buku lanu la masamu, nichiyeza kuŵala kobwerera kuchokera m'kabokosi kalikonse, nichilemba nambala. Kabokosi koŵala kwambiri kamapata nambala yaikulu, ndipo kakuda kamapata yaing'ono. M'makina a Landsat 5, amene anakwera mu 1984, manambala anali kuyambira pa 0 kulekeza pa 255. Manambala ameneŵa ndiwo amatumizidwa pansi pano, monga momwe mau a pa wailesi amafikira m'nyumba zanu popanda chingwe.

Kukula kwa kabokosi n'kofunika kukudziŵa. Pa Landsat ya masiku ano, kabokosi kamodzi ndi mamita 30 m'litali ndi mamita 30 m'lifupi. Bwalo la mpira la ku Woodlands Stadium lingadzaze timabokosi 8 totere. Pa Landsat 1 kabokosi kanali ka mamita pafupifupi 80, kotero kuti bwalo lonselo linali ngati kabokosi kamodzi. Pa Sentinel-2 kabokosi ndi mamita 10, ndipo bwalo lomwelo limagaŵika m'timabokosi pafupifupi 70.

Amene munapitako ku Kabwata Cultural Village, pa Burma Road, mudziŵa tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu tija timene tinatsala kuchokera m'nthaŵi ya atsamunda. Kanyumba kamodzi kotere sikaoneka pakokha pa Landsat, chifukwa udzu wa denga, mthunzi wa mtengo ndi dothi la pabwalo zimasakanikirana n'kupereka nambala imodzi. Chotero musaganize kuti Landsat ingaone mwana amene wathaŵa sukulu. Koma Cairo Road, msewu wothamangira ndege wa ku Kenneth Kaunda International Airport, minda ndi nkhalango zimaoneka bwino lomwe.

Chithunzi chimodzi cha Landsat chimatenga dera la makilomita 185 m'lifupi mwake. Mumzera umodzi muli timabokosi toposa 6,000, ndipo mizera nayo ili pafupifupi 6,000. Ŵerengani nokha: timabokosi tonse ndi 36 miliyoni. Mwana atati aziŵerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osagona ndi osadya, chaka chingathe asanamalize. Apa ndi pamene kompyuta imafunika. Koma kompyuta payokha sidziŵa chochita ndi manambalawo. Imafuna malangizo olembedwa mwandondomeko, ndipo malangizo otere ndiwo timawatcha pulogalamu ya pakompyuta.

Kuŵala kumene maso athu saona

Mvula ikagwa dzuŵa likuŵala, mumaona utaŵaleza, ndipo kumapeto kwake kumodzi kuli mtundu wofiira. M'chaka cha 1800, ku England, katswiri wa nyenyezi William Herschel anapatula kuŵala kwa dzuŵa ndi galasi la ngodya zitatu, naika choyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Atachiika kupitirira pofiira, pamene maso ake sanali kuona kuŵala kulikonse, chinatentha koposa. Pamenepo anazindikira kuti kuli kuŵala kwina kobisika kwa maso a munthu. Kuŵala kumeneku amakutcha infrared.

Setilaiti imayeza kuŵala kwa buluu pakokha, kobiriŵira pakokha, kofiira pakokha, ndiponso kobisika kuja pakokha. Motero kabokosi kalikonse kamakhala ndi manambala angapo, ndipo manambalawo ndiwo amaulula chimene chili pansi. Tsamba lamoyo limamwa kuŵala kofiira kuti lipange chakudya cha mtengo, koma limabweza kwambiri kuŵala kobisika. Madzi oyera amamwa kuŵala kobisika pafupifupi konse. Simenti ndi dothi louma zimabweza mitundu yonse mosasiyana kwenikweni.

Popeza maso athu saona kuŵala kobisika, pulogalamu imakupatsa mtundu wofiira kuti tikuone. Pa chithunzi chokonzedwa motero, chomera chilichonse chamoyo chimaoneka chofiira. Taonani Lusaka m'mwezi wa Ogasiti, pamene udzu wa kutchire wauma. Kumayadi, ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumafiira chifukwa cha mitengo ikuluikulu ndi kapinga wothirira. Ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, kumene kwayandikana ndi Kabulonga, kumatuŵa chifukwa madenga ali thithithi ndipo mitengo njochepa. Madziŵe a Goma Lakes a pa Yunivesite ya Zambia amaoneka akuda. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake. Atsamunda pokonza mzinda anapatula malo aakulu a nyumba za Azungu, ndipo anthu akuda anapatsidwa malo aang'ono monga a ku Kabwata. Ena ochuluka anadzimangira okha m'makomboni. Malire akalewo aonekabe kuchokera kuthambo mpaka lero.

Ntchito zinayi za pulogalamu

Ntchito yoyamba ndiyo kusandutsa manambala kukhala chithunzi chooneka, monga tafotokozera. Pulogalamu imasankha mitundu itatu ya kuŵala, niiphatikiza, niiŵalitsa kuti zinthu zisiyane bwino. Imaonetsanso malo enieni a kabokosi kalikonse pa mapu, kotero kuti ukaloza thanki ya madzi ya ku Chelstone, pa Great East Road, ungayeze mtunda wochokera pamenepo kufika pasukulu yako.

Ntchito yachiŵiri ndiyo kuchita masamu pa kabokosi kalikonse. Pali samu ina yotchuka yoyezera kubiriŵira kwa dziko, yotchedwa NDVI, imene akatswiri a ku Texas anayamba kugwiritsa ntchito pa zithunzi za Landsat 1. Mwana wa Giredi 7 angathe kuichita. Tengani nambala ya kuŵala kobisika, muchotsepo ya kuŵala kofiira. Kenaka phatikizani manambala aŵiri omwewo. Pomaliza gaŵani yankho loyamba ndi lachiŵiri. Tiyerekeze kuti kabokosi kena kali ndi 50 wa kuŵala kobisika ndi 10 wa kofiira. Kuchotsera kupatsa 40, kuphatikiza kupatsa 60, ndipo kugaŵa kupatsa pafupifupi 0.7, pamenepo pali masamba ambiri. Kabokosi kena kali ndi 30 ndi 25. Kuchotsera kupatsa 5, kuphatikiza kupatsa 55, ndipo yankho ndi pafupifupi 0.1, pamenepo pali denga kapena dothi. Samu imene inu mwaichita kaŵiri, pulogalamu imaichita kokwana 36 miliyoni tiyi asanazizire m'kapu.

Ntchito yachitatu ndiyo kusanja. Mayi akamasankha nyemba pa lichero amaika zofiira pazokha, zoyera pazokha, ndi timiyala patokha. Pulogalamu nayo imasanja timabokosi, koma munthu amayamba waiphunzitsa. Amaloza malo amene awadziŵa bwino, nati: apa ndi madzi, apa ndi nkhalango, apa ndi nyumba, apa ndi munda. Pulogalamu imaona manambala a malo amenewo, nifunafuna timabokosi tina tonse tofanana nawo. Potsiriza imatulutsa mapu a mitundu yosiyanasiyana, niŵerenga mahekitala a chinthu chilichonse.

Ntchito yachinayi, imene ili yaikulu koposa, ndiyo kuyerekeza zaka. Pulogalamu imasanjikiza chithunzi cha 1984 ndi cha chaka chino, kabokosi pa kabokosi, nionetsa paliponse pamene pasintha. Agogo anu angakuuzeni kuti pano panali tchire, ndipo anena zoona. Pulogalamu imawonjezera pa umboni wawo potiuza kukula kwa tchirelo ndi chaka chimene linatha.

Mapulogalamu a ophunzira ndi ofufuza

Kale luso limeneli linali la anthu oŵerengeka. Makompyuta anali aakulu ndi odula, ndipo chithunzi chimodzi cha Landsat chinali kugulidwa ndi madola mazanamazana, nthaŵi zina zikwi. Aphunzitsi ena anaona kuti si bwino kuti chidziŵitso chotere chitsekeredwe. Mu 1987 bungwe la UNESCO linayambitsa pulogalamu yophunzitsira yotchedwa Bilko, imene inaperekedwa kwaulere pamodzi ndi maphunziro ake. Pa Purdue University ku America, a David Landgrebe ndi a Larry Biehl anakonza ina yotchedwa MultiSpec, yaulere nayonso, imene ana a sukulu m'maiko ambiri anaigwiritsa ntchito posanja zithunzi za malo ozungulira sukulu zawo. Bungwe la za kuthambo la ku Ulaya linakonza LEOWorks kaamba ka masukulu, ndi SNAP kaamba ka ofufuza. Mu 2002 a Gary Sherman anayamba QGIS, pulogalamu yaulere yopangira mapu imene lero imakonzedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 2008, pamene boma la America linalamula kuti zithunzi zonse za Landsat, zakale ndi zatsopano, ziziperekedwa kwaulere pa intaneti. Zithunzi za Sentinel-2 nazo nzaulere. Motero mphunzitsi wa ku Kabwata amene ali ndi kompyuta wamba ndi intaneti angatenge chithunzi cha Lusaka chofanana ndi chimene pulofesa wa ku London atenga. Amene angoyamba kumene angayambe ndi Google Earth, imene inatuluka mu 2005. Pa kompyuta ili ndi kachida kobwerera m'mbuyo kuona zithunzi za zaka zapita.

M'dziko lathu lino ntchitoyi ili ndi eni ake. Boma linakhazikitsa National Remote Sensing Centre mwalamulo mu 1999 kuti iyang'anire luso limeneli. Pa Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ophunzira za malo ndi za kuyeza nthaka amaphunzira kusanja zithunzi zotere. Zambia ilinso membala wa bungwe la maiko a kum'maŵa ndi kummwera kwa Africa lophunzitsa za mapu, lotchedwa RCMRD, limene linayamba ku Nairobi mu 1975. Ena mwa inu mudzagwira ntchito m'malo ameneŵa.

Madzi saiŵala khwaŵa

Mwina mufunsa kuti, kodi zonsezi zitithandiza chiyani? Tiyeni tione za madzi, pakuti palibe nyumba imene nkhani ya madzi siikhudza.

Lusaka inayamba ngati kasiteshoni ka njanji mu 1905, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo inakhala likulu la dziko mu 1935 m'malo mwa Livingstone. Pa kalembera wa 1969 munali anthu pafupifupi 262,000. Mu 2010 anali ataposa 1.7 miliyoni, ndipo mu 2022 anaposa 2.2 miliyoni. Anthu onseŵa amafuna pogona. Mukaika zithunzi za Landsat mumzera kuyambira zakale, mudzaona mzinda ukufalikira monga mafuta pa nsalu. Kummwera kwa Woodlands, kumene lero kuli Chalala, ndi madera ambiri ozungulira Chelstone, mtundu wofiira wa zomera ukuchepa ndipo kutuŵa kwa madenga kukuchuluka.

Tsono mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pamwala wa laimu, umene uli ndi ming'alu ndi mapanga pansi pa nthaka. Mvula ikagwa pa nkhalango kapena pa dambo, madzi amaloŵa pang'onopang'ono m'ming'alu imeneyi nasungika. Madzi ambiri amene mzinda umamwa amachokera m'zitsime zakuya zokumbidwa m'mwala umenewu, ndipo ena amapopedwa kuchokera ku mtsinje wa Kafue. Nkhalango ikasanduka madenga ndi simenti, mvula imasoŵa poloŵera. Imathamangira kumalo otsika, ndipo zitsime zimalandira madzi ochepa. Kum'maŵa kwa mzinda kuli nkhalango ya boma yotchedwa Forest 27, kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana wothira mu Chongwe. Pakati pa 2017 ndi 2019 mbali zina za nkhalangoyi zinachotsedwa pa chitetezo kuti pamangidwe nyumba, ndipo mkangano wake unafika mpaka kukhoti. Pa nkhani yotere anthu angatsutsane pakamwa tsiku lonse, koma zithunzi za zaka zotsatizana zimaonetsa poyera pamene panali mitengo ndi pamene palambulidwa.

Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Pamene panali dambo, ngakhale pamangidwe nyumba, madzi adzabwererapo. Ku Kanyama madzi anasefukira koopsa mu 1978, ndipo kufikira lero dera limeneli limavutika m'dzinja, chifukwa ndi lathyathyathya ndipo mwala uli pafupi. Madzi akadzaza, za m'zimbudzi zokumba zimasakanikirana ndi madzi a m'zitsime zosaya, ndipo kolera imapeza njira. Matendaŵa anabuka mu Okutobala 2017, nabukanso mu Okutobala 2023. Ambiri a inu mukumbukira kuti mu 2024 masukulu sanatsegulidwe mu Januwale monga mwa nthaŵi zonse. Anatsegulidwa pa 12 Febuluwale, ndipo National Heroes Stadium inasanduka chipatala. Setilaiti siingaone kachirombo ka kolera. Chimene imaonetsa ndi malo amene kale anali madambo, malo amene madzi amaima, ndi malo amene nyumba zathithikana. Wokumba ngalande ndi wokonza mipopi akadziŵa zimenezi, amadziŵa poyambira ntchito.

Pamene pulogalamu imalakwa

Musaganize kuti chilichonse chotuluka m'kompyuta nchoona. Pulogalamu imadziŵa manambala okha. Sinapondepo ku Lusaka. Denga la malata adzimbiri ndi dothi la katondo zingapereke manambala ofanana, ndipo pulogalamu ingatche munda wolimidwa kumene kuti ndi nyumba. Mwala woyera wa pamalo ophwanyira miyala ungafanane ndi simenti. Lupsa, pamene udzu wapsa kumene, lingafanane ndi phula la pamseu kapena ndi madzi. Mthunzi wa Findeco House nawo ungaoneke ngati kadziŵe pakati pa tauni.

Nyengo nayo imanyenga. Munthu akayerekeza chithunzi cha Febuluwale 1990, pamene chimanga chinali chobiriŵira paliponse, ndi cha Okutobala chaka chino, pamene dziko lauma, adzanena kuti zomera zonse zatha, koma adzakhala atayerekeza dzinja ndi chilimwe. Wofufuza wanzeru amatenga zithunzi za mwezi umodzimodzi. Ndiponso m'dzinja mitambo imaphimba dziko, ndipo Landsat siiona pansi pa mtambo. Pa nthaŵi yotere amagwiritsa ntchito masetilaiti ena monga Sentinel-1, imene inayamba mu 2014. Iyi imatumiza mafunde ake pansi nimvetsera kubwerera kwake, ndipo mafundewo amapyola mitambo usana ndi usiku.

Chifukwa cha zimenezi, wofufuza aliyense akamaliza kusanja amavala nsapato napita kukaona ndi maso. Amasankha malo angapo pa mapu ake, naima pa malo alionse, nalemba chimene wapeza: mitengo, chimanga, nyumba kapena dothi. Akapeza kuti pa malo 100 pulogalamu yalondola 85, amadziŵa mlingo wokhulupirira mapu akewo. Apa ndi pamene inu muposa katswiri wa kutali. Iye ali ndi chithunzi, koma inu mudziŵa kuti kuseri kwa msika kumaima madzi chaka chilichonse, ndi kuti pamene pali sitolo yatsopano panali mitengo ya mango. Chithunzi chimathandiza kwenikweni chikafika m'manja mwa munthu wodziŵa malowo.

Mau kwa aphunzitsi

Masukulu ambiri alibe kompyuta, ndipo kumene iliko magetsi amazima. Phunziro ili lingaphunzitsidwe ndi choko, chingwe ndi buku la masamu.

Tulukani ndi ana pabwalo, muyeze malo a mamita 30 mbali zonse zinayi, muike mwala pa ngodya iliyonse. Auzeni kuti limeneli ndi kabokosi kamodzi ka Landsat. Aŵerenge zinthu zimene zili m'katimo, ndipo akambirane kuti setilaiti ikapereka nambala imodzi yokha, kodi idzatsata chinthu chiti.

Pambuyo pake gaŵani ana m'magulu. Gulu lililonse lijambule malo a sukulu pa pepala la timabokosi, kabokosi kamodzi kuimira mapazi 10 aakulu. M'kabokosi kalikonse alembe nambala imodzi: 1 ngati muli mitengo kapena udzu, 2 ngati muli denga kapena simenti, 3 ngati muli dothi lokha, 4 ngati mumaima madzi mvula ikagwa. Gulu loyamba ndilo setilaiti. Lipereke pepala lake kwa gulu lina limene lidzakhala pulogalamu: lipake mtundu umodzi pa nambala iliyonse, liŵerenge timabokosi ta mtundu uliwonse. Gulu lachitatu lituluke ndi mapuwo kukaona ngati alondola. Sungani mapu ameneŵa m'kabati, mulembepo tsiku. Kalasi ya chaka chamaŵa ikadzachita chimodzimodzi m'mwezi womwewo, mudzakhala ndi zaka ziŵiri zoyerekeza.

Ngati muli ndi kompyuta kapena foni ya intaneti, onetsani ana sukulu yawo kuchokera kumwamba, ndipo ayambe apeza okha mseu, msika ndi tchalitchi musanawauze. Mwana aliyense afunsenso munthu wachikulire wa kwawo kuti anene chimene chinali pamalo a nyumba yawo iye ali wamng'ono, ndipo mayankhowo muwayerekeze ndi zithunzi zakale.

Mafunso

1. Kodi setilaiti imatumiza chiyani pansi pano?
2. Bwalo la mamita 90 m'litali ndi mamita 60 m'lifupi lingadzaze timabokosi tingati ta Landsat ya masiku ano?
3. Chifukwa chiyani Kabulonga imaoneka yofiira ndipo Kalingalinga imaoneka yotuŵa pa chithunzi cha kuŵala kobisika?
4. Kabokosi kali ndi 45 wa kuŵala kobisika ndi 15 wa kofiira. Pezani NDVI yake, munene chimene muganiza kuti chili pamenepo.
5. Tchulani zinthu ziŵiri zimene zingasokoneze pulogalamu posanja chithunzi.
6. Kodi kwanu madzi a mvula amaima pati, ndipo akulu amati kale panali chiyani pamalo amenewo?

Yankho la funso lomaliza mulilembe bwino ndi kulipereka kwa aphunzitsi anu, kuti alisunge pamodzi ndi mapu a sukulu. Tsalani bwino, ana inu, mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.